Droni yanga ikudzandira mu mwera: ndisinthe manambala ati?

Wowerenga wina wa ku Salima walemba motere: "Ndinadzimangira droni ya mapulopela anayi a mainchesi 7 yojambulira makanema m'mbali mwa nyanja. Ndimagwiritsa ntchito Betaflight 4.4, mamota a 2806.5 ndi batire la 6S, ndipo kamera yojambulira ndimaimangirira pamwamba. Kunja kukakhala bata imauluka bwino kwambiri. Koma chiyambireni mwera mu Juni, ikangokwera pang'ono imayamba kugwedezeka, kanema amatuluka wonjenjemera, ndipo ndikaiika mu Angle mode mphepo imapita nayo ngakhale sindinakhudze rimoti. Ndinakweza P ndi D monga anandiuzira mnzanga, koma tsopano mamota akumatentha moti sindingawagwire. Kodi flight controller yanga yawonongeka? Ndisinthe manambala ati kuti droni iziima nji pa mphepo?"

Bambo, zikomo chifukwa cha kalata yanu yofotokoza bwino. Mtima ukhale m'malo: flight controller (kakompyuta kowongolera droni) imene ikuulutsa droni bwinobwino kunja kuli bata siinawonongeke, ndipo zimene mukuonazi zimachitikira pafupifupi aliyense amene wamanga droni ya mainchesi 7 n'kukumana ndi mphepo yamphamvu koyamba. Chokhacho chimene chikundidetsa nkhawa ndi kutentha kwa mamota. Musaiulutsenso ndi manambala amene mwaikawo, makamaka pamwamba pa madzi, chifukwa mota ikatentha kwambiri utoto wotchinga timawaya ta m'kati mwake umapsa, maginito amafooka, ndipo mota imodzi ikaima m'mwamba droni ya mapulopela anayi ilibe njira ina koma kugwa. Lumikizani droni ku kompyuta mutachotsa mapulopela onse, tsegulani pulogalamu ya Betaflight, lembani diff all mu CLI (tsamba lolembapo malamulo) kuti ikuonetseni makonzedwe amene mwasintha, sungani zimene zatulukazo mu fayilo, kenako bwezerani P ndi D (awiri mwa manambala atatu owongolera droni otchedwa PID) pamene zinali poyamba. Tiyambire pamenepo.

M'kalata yanu muli madandaulo atatu, ndipo ngakhale onse akuoneka pa nthawi ya mwera, gwero lawo si limodzi. Kutengeka ndi mphepo ndi nkhani ina, kugwedezeka ndi nkhani ina, kunjenjemera kwa kanema ndi inanso. Mnzanu anakupatsani mankhwala amodzi pa matenda atatu, n'chifukwa chake simunaone kusintha. Mphepo kawirikawiri siibweretsa vuto latsopano pa droni. Imangoonetsa poyera kufooka kumene kunalipo kale koma kumabisika chifukwa panalibe chokankha droniyo.

Ndiyambe ndi kutengeka, chifukwa apa palibe nambala ya PID imene ingakuthandizeni. Mu Angle mode, flight controller imadalira gyro, imene imayeza liwiro limene droni ikutembenukira, ndi accelerometer, imene imaithandiza kudziwa kumene kuli pansi. Zida ziwirizi sizidziwa kuti droni ili pamalo pati. Mukasiya ndodo za rimoti pakati, mwaiuza kuti isapendame, ndipo ikumveradi: yakhazikika, koma mpweya umene yakhalamo ukuyenda. Zili ngati bwato limene lakhala chilili pamadzi osapendekeka n'komwe, koma mafunde akunka nalo kumpoto chifukwa palibe amene akupalasa. Kuti droni iime malo amodzi pa mphepo iyenera kupendamira kumene mphepo ikuchokera, ndipo wina ayenera kuilamula kutero, kaya chala chanu kapena pulogalamu imene ikuwerenga GPS. Betaflight 4.4 imagwiritsa ntchito GPS pobweza droni kwa mwini wake pa ngozi, zimene amazitcha GPS Rescue, koma ilibe njira yoimitsira droni malo amodzi. Ngati ntchito yanu ikufuna kuti droni iime yokha pamene mukujambula, mungagwiritse ntchito pulogalamu ina monga INAV ndi POSHOLD yake kapena ArduPilot ndi Loiter (njira zoimitsira droni malo amodzi), pamodzi ndi GPS, kampasi ndi barometer yoyeza kukwera kwa droni. Mukasankha njira imeneyo, kampasi ikhale kutali ndi mawaya akuluakulu a batire, chifukwa magetsi akamayenda ambiri amaisokoneza ndipo droni imayamba kuzungulira m'mabwalo omka nakula. Barometer nayo muiphimbe ndi kachidutswa ka siponji yopitisa mpweya kuti mphepo isamaiwombe mwachindunji, apo ayi droni izikwera ndi kutsika yokha.

Palinso malire a kupendama. Angle mode imaletsa droni kupendama kupyola madigiri amene mwaiikira, ndipo mphamvu yolimbana ndi mphepo imachokera pa kupendamako. Pa madigiri 30, mphamvu yokankhira kutsogolo imakhala yopitirira pang'ono theka la kulemera kwa droni, ndipo mamota amafunika kuwonjezera mphamvu ndi 15 peresenti kuti droni isatsike. Pa madigiri 45, mphamvu yokankhira kutsogolo imafanana ndi kulemera kwake konse, koma mamota amafunika kuwonjezera ndi 41 peresenti. Mphepo nayo ikawirikiza kawiri liwiro lake, mphamvu imene imakankhira droni imawirikiza kanayi. Choncho munthu amene watsitsa malire a kupendama kuti kanema azioneka wodekha amapeza kuti tsiku la mwera wakankha ndodo mpaka kumapeto koma droni ikubwerera m'mbuyo. Onani nambala imeneyi pa tsamba la PID Tuning, ndipo muphunzire kuuluka mu Acro mode, mmene mulibe malire otero, kuti mukhale ndi pothawira.

Tsopano kugwedezeka, kumene ndi pakati pa nkhani yanu. Manambala amene Betaflight imabwera nawo anakonzedwa poganizira droni ya mainchesi 5. Pulopela ya mainchesi 7 ndi yolemerapo ndipo imazungulira pang'onopang'ono, motero mota imatenga nthawi yotalikirapo kuti iwonjezere kapena ichepetse liwiro lake. Mikono ya felemu ndi yaitali ndipo imapindika mosavuta, komanso mapulopela aakulu amakola mphepo yambiri. Zonsezi zikaphatikizana, lamulo la flight controller limafika mochedwa pang'ono, droni imapitirira pamene imayenera kuima, kenako imabwerera n'kupitiriranso. Ndiko kugwedezeka mukukuonako. Mdani wanu wamkulu ndi kuchedwa kumeneku, ndipo zonse zimene ndikulangizeni kuchokera pano n'zochepetsa kuchedwako kapena kupatsa droni mphamvu zokwanira zodziletsera.

Musanatsegule kompyuta, gwirani droni m'manja. Pa madroni amene anthu amandibweretsera akudandaula za mphepo, ambiri vuto lawo limapezeka ndi zala, osati ndi pulogalamu. Gwirani mkono uliwonse n'kuyesa kuupotoza. Ukamveka kulira pang'ono kapena kusuntha pamene walumikizana ndi thupi, mangani masikuluwu kapena sinthani mkonowo. Zunguzani mota iliyonse ndi chala, khutu lili pafupi. Popeza mumaulukira kunyanja, yang'anitsitsani m'kati mwa mota ndi tochi: mchenga wakuda wa m'mbali mwa nyanja uli ndi tizitsulo timene timamatirira ku maginito, ndipo mumatiwona ngati kaubweya kakuda pakati pa maginito ndi mawaya. Mota yotere imamveka kukhukhuluza mukaizunguza, ndipo imatumiza kunjenjemera kwambiri ku gyro. Chotsani chivindikiro cha mota, matani tizitsuloto ndi selotepi mpaka tithe, ndipo kuyambira lero musamanyamukire pamchenga penipeni; yalani kampasa kapena kabokosi. Mapulopela akhale atsopano, chifukwa pulopela yopindika pang'ono kunsonga siioneka ndi maso koma gyro imaimva. Timphira timene flight controller yakhalapo tisafinyidwe kwambiri ndi manati, ndipo pasakhale waya wokhudza bolodi kapena wolendewera pamwamba pa gyro. Kapasita ya pa ESC, bolodi imene imapereka magetsi ku mamota, ikhale yolumikizidwa bwino.

Kenako gwedezani batire, kamera, GPS ndi mlongoti wa kanema. Chilichonse chimene chikusuntha chokha pamene thupi la droni laima chimakhala ngati katundu wolendewera amene mphepo imamukankha, iye n'kukankha droni, droni n'kudzikonza, iye n'kubwereranso. Batire la 6S ndi gawo lalikulu la kulemera konse, ndipo likamatsetsereka ngakhale pang'ono pansi pa lamba palibe manambala amene angathetse kugwedezekako. Ikani malamba awiri ndi kamphira kosatereza pansi pake. Nyamulani droni ndi zala ziwiri, china kumanzere china kumanja, pakati pa mamota akutsogolo ndi akumbuyo, muone ngati ikugwera kutsogolo. Ikatero, mamota akutsogolo akugwira ntchito yoposa anzawo nthawi zonse, ndipo ndi amene amayamba kufika pa malire mphepo ikawomba.

Kunjenjemera kwa kanema nthawi zambiri kumathera pomwepa. Ngati chithunzi chikuoneka ngati chikuchita mafunde aang'onoang'ono pamene droni ikuuluka mowongoka, vuto ndi kunjenjemera kwa mamota kumene kukufika pa kamera, ndipo dzuwa lowala la kunyanja limakukulitsa chifukwa kamera imatsegula ndi kutseka diso lake mofulumira kwambiri. Choikira kamera cholimba bwino ndi galasi lochepetsa kuwala la ND zimathandiza kuposa kusintha PID, ndipo pulogalamu yaulere ya Gyroflow imasalaza zotsalazo pa kompyuta.

Zikatha izi, yatsani Blackbox, gawo la Betaflight limene limalemba mu fayilo zimene gyro ndi mamota akuchita droni ikuuluka. Ndimalimbikira kwambiri pa mfundo imeneyi chifukwa kusintha manambala popanda Blackbox n'kungolota. Ikani kuti izilemba pa 2 kHz (ka 2,000 pa sekondi) ngati malo osungira alipo okwanira, ulukani mphindi imodzi kapena ziwiri kunja kuli bata, mukukweza throttle (ndodo yowonjezera mphamvu ya mamota) pang'onopang'ono kuchokera pansi mpaka pamwamba, kenako tsegulani fayiloyo mu Blackbox Explorer. Chimene mukufuna kuona ndi kusiyana kwa mitundu iwiri ya kayendedwe. Kukankha kwa mphepo ndi kudzikonza kwa droni kumachitika pang'onopang'ono, kawirikawiri pansi pa 30 Hz (ka 30 pa sekondi). Phokoso la mamota limakhala pamwamba: mota yozungulira ka 9,000 pa mphindi imanjenjemera pa 150 Hz, chifukwa mumangogawa nambalayo ndi 60. Ntchito ya masefa a mu Betaflight ndi kuchotsa phokoso la pamwambalo popanda kuchedwetsa uthenga wa pansiwo, ndipo sefa iliyonse imene mwaonjezera imachedwetsa uthenga ndi kanthawi kochepa. N'chifukwa chake munthu amene waona mamota akutentha n'kuthamangira kukhwimitsa masefa onse amaziziritsadi mamota, koma droni yake imagwedezeka koposa pa mphepo.

Sefa imene imachotsa phokoso lambiri mosachedwetsa kwenikweni ndi RPM filter, chifukwa imadziwa liwiro lenileni la mota iliyonse n'kudula phokoso pamalo pomwepo. Imafuna bidirectional DShot, njira imene ESC imauzira flight controller liwiro la mota, ndipo ma ESC anu akhale ndi pulogalamu ya BLHeli_32, AM32 kapena Bluejay. Mamota a 2806.5 amakhala ndi maginito 14. Awerengeni kuti mutsimikize, lembani nambalayo pa tsamba la Motors, ndipo muzunguze mamota popanda mapulopela muone kuti zolakwika zikhale pa 0 peresenti kapena pafupi kwambiri. RPM filter imabwera itaikidwa kuti isatsike pansi pa 100 Hz, koma mapulopela aakulu amatsika kupyola pamenepo throttle ikachepa, choncho kutsitsa malirewo kufika cha pa 80 Hz kumathandiza. Mu Blackbox mukaona mzere wa phokoso umene sukusuntha ngakhale throttle ikusintha, amenewo si mamota koma felemu kapena mlongoti ukunjenjemera pa liwiro lake lachibadwa. Dynamic notch ndiyo imagwira phokoso lotero, ndipo malire ake apansi ayenera kufika pamene mzerewo uli. Phokoso likaoneka kuti lachepa, mukhoza kufewetsa masefa a gyro pang'onopang'ono. Masefa a D muwasamale kwambiri, chifukwa D imakulitsa phokoso lililonse limene yalandira n'kulitumiza ku mamota, ndipo ndicho chimene chinatenthetsa mamota anu: munakweza D pa droni imene phokoso lake linali lisanachotsedwe.

Apa ndiye tafika pa manambala. P imakankha droni kubwerera pamene iyenera kukhala, molingana ndi kukula kwa kusiyana kwa chimene mwalamula ndi chimene gyro ikuona. D imagwira ngati buleki, kuletsa droni kupitirira. I imasonkhanitsa kusiyana kumene kwakhalitsa n'kukuthetsa pang'onopang'ono, ndipo ndi imene imapirira mphepo yokankha mbali imodzi kwa nthawi yaitali. Feedforward musavutike nayo pa nkhani ino, chifukwa imangoyankha kusuntha kwa ndodo za rimoti ndipo mphepo siidziwa n'komwe. Anthu ambiri amamva kuti I ndiyo ya mphepo n'kuikweza kwambiri, koma pa droni yaikulu I yochuluka poyerekeza ndi P ndiyo imabweretsa kugwedezeka kwapang'onopang'ono, kamodzi kapena kangapo pa sekondi, kumene kumaoneka ngati droni ikuvomera ndi mutu. Mverani ndi kuyang'ana mtundu wa kugwedezeka: kwapang'onopang'ono kumaloza ku I yochuluka kapena P yochepa; kofulumirapo, kumene maso akukuona ndipo khutu likumva mamota akusinthasintha mawu, kumaloza ku P yochuluka poyerekeza ndi D; kofulumira kwambiri, kumene sikuoneka koma mamota akulira mokalipa ndi kutentha, ndi kwa D yochuluka kapena masefa ofewa kwambiri.

Mu Betaflight 4.4 muli ma slider amene amasintha manambala angapo nthawi imodzi mosunga mgwirizano wawo, ndipo ndi amene ndikukulangizani kugwiritsa ntchito m'malo molemba manambala pamanja. Palinso tsamba la Presets mmene muli makonzedwe a madroni a mainchesi 7. Ndi poyambira pabwino, koma musawatenge ngati mathero, chifukwa amene anawakonza sanaone felemu yanu. Ndondomeko imene ndimatsata ndi iyi. Ndimatsitsa Dynamic Damping kufika pa 0 kuti D isamasinthesinthe pamene ndikuyesa, ndi kutsitsako pang'ono slider ya I. Kenako ndimafufuza mgwirizano wa P ndi D: ndimapendamitsa droni mwamsanga n'kusiya ndodo, ndipo ngati ikudumpha kubwerera isanaime, D ndi yochepa poyerekeza ndi P, ngati ikufika mwaulesi, D yachuluka. Mgwirizanowu ukapezeka, ndimakweza Master Multiplier ndi 0.1 ulendo uliwonse, zimene zimakweza zonse pamodzi. Apa ndi pamene kulimba pa mphepo kumachokera, ndipo madroni a mainchesi 7 nthawi zambiri amakathera pamwamba pa 1.0. Ulendo uliwonse ukhale wa masekondi 30, ndipo mukatera gwirani mota iliyonse. Yofunda ndi yabwino. Ngati simungasunge chala pamenepo kwa masekondi angapo, bwererani sitepe imodzi kapena ziwiri. Mukafika pamene mamota ayamba kulira mokalipa, mwapyola, ndipo malo abwino ali m'mbuyo pang'ono. Pomaliza ndi pamene ndimabwezera I pang'onopang'ono mpaka droni izisunga kupendama kwake pa mphepo popanda kuyambanso kuvomera ndi mutu. Popeza kamera ndi batire zayalidwa kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, droni imalemera kutembenuza mbali imeneyo kusiyana ndi kupendamira kumanzere kapena kumanja, motero pitch (kupendamira kutsogolo ndi kumbuyo) imafuna manambala okwererapo kuposa roll (kupendamira m'mbali), ndipo pali ma slider ake apadera.

Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, ndipo muzilemba m'kope. Kusintha zitatu nthawi imodzi kumakusiyani osadziwa chimene chathandiza. Kuyesa koyambaku kuchitike m'mawa kuli bata, pabwalo louma lopanda anthu. Mphepo muiyese pambuyo pake, ndi manambala amene mwawakhulupirira kale.

Pali makonzedwe ena ochepa amene amakhudza mphepo mwachindunji. Airmode ikhale yoyatsidwa nthawi zonse, kuti flight controller izitha kuwongolera droni ngakhale throttle ili pansi. Dynamic idle imaletsa mamota kutsika pansi pa liwiro limene mwasankha, ndipo nambala yake imawerengedwa m'mahandiredi, kotero 25 akutanthauza kuzungulira ka 2,500 pa mphindi. Imathandiza kwambiri potsika, chifukwa pulopela yozungulira pang'onopang'ono kwambiri imataya mphamvu yogwira mpweya mphepo ikaiwomba cham'mbali, ndipo mota imachedwa kudzukanso. TPA imachepetsa D throttle ikapyola 1350 (throttle imawerengedwa kuyambira 1000 mpaka 2000). Polimbana ndi mwera mumakhala pamwamba pa nambala imeneyi nthawi yaitali, choncho ngati kugwedezeka kukubwera pamene mwakweza throttle ndipo mamota ali ozizira, sunthirani poyambira pake m'mwamba. Thrust linearization yapang'ono imawonjezera mphamvu ya kuwongolera throttle ikakhala pansi, zimene zimathandiza mapulopela aakulu. I-term relax imabwera pa 15, ndipo pa droni yolemera kuitsitsa kufika pa 10 kapena kucheperapo kumachepetsa kudumpha mukamaliza kutembenuka, koma dziwani kuti imagwira ntchito pamene mukusuntha ndodo, osati pamene mphepo yokha ikukankha.

Mu Blackbox yang'ananinso mizere ya mamota pa nthawi imene mphepo inawomba. Ngati mota ina ikugunda 100 peresenti kapena ikutsikiratu pansi, flight controller yapempha mphamvu imene palibe, ndipo kusintha PID sikungapange mphamvu. Yankho lake ndi kuchepetsa katundu, kusankha mapulopela opepuka amene mota ingawasinthe liwiro msanga, kapena batire lolimba. Ngati mukugwiritsa ntchito mabatire a Li-ion chifukwa chofuna kuuluka nthawi yaitali, dziwani kuti mphamvu yake imagwa kwambiri mamota akakoka magetsi ambiri, ndipo tsiku la mphepo LiPo ndi yodalirika koposa. Mukadzapita kukajambula kumtunda, monga ku Lilongwe kumene kuli pafupifupi mamita 1,050 pamwamba pa nyanja yamchere, kapena ku Dedza kumene n'kokwera kuposa pamenepo, mpweya ndi wopepuka kusiyana ndi ku Salima, makamaka kukatentha mu Okutobala. Droni imafuna throttle yokwererapo kuti iime m'mwamba, ndipo mphamvu yotsala yolimbana ndi mphepo imachepa.

Mwera weniweniwo muyenera kuuwerenga musananyamuke. Umachokera kum'mwera chakum'mawa, umalimba kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti, ndipo a nthambi yoona za nyengo amachenjeza asodzi ukamabwera wamphamvu. Chenjezo limenelo likukhudzani inunso. Thovu loyera likayamba kuchuluka pamwamba pa mafunde, mphepo yafika mamita 6 mpaka 8 pa sekondi, ndipo mitengo ing'onoing'ono ikayamba kuweyeseka yonse yafika cha pa mamita 10 pa sekondi, amene ndi makilomita 36 pa ola. Mphepo ya m'mwamba imakhala yamphamvu kuposa imene mukuimva pankhope, n'chifukwa chake droni yanu imayamba kugwedezeka ikangokwera. Mphepo yosalala ya pamwamba pa madzi, ngakhale yamphamvu, droni imaipirira bwino kusiyana ndi mphepo yosweka ya kuseri kwa nyumba, mitengo ikuluikulu kapena phiri ngati la Senga, kumene mpweya umazungulira ndipo nthawi zina umakankhira pansi. Malo amene akuoneka otetezeka kwa munthu woima pansi ndi amene amavutitsa droni. Lamulo limene oulutsa ambiri amatsata ndi lakuti mphepo isapose magawo awiri mwa atatu a liwiro lalikulu la droni, ndipo pojambula kanema ine ndimalekera pansi kwambiri pa malire amenewo. Nyamukani molunjika kumene mphepo ikuchokera, kuti pobwerera batire litafooka mphepo izikuthandizani. Potsika musatsike chindunji mofulumira, chifukwa droni imalowa mumpweya umene mapulopela ake asokoneza. Tsikani mukuyenda chamtsogolo, mphuno italoza ku mphepo.

GPS Rescue yanu muiyesenso pa tsiku la mphepo yapakati, pamtunda, chala chili pa batani lozimitsira. Ili ndi malire ake a kupendama ndi liwiro lake lobwerera, ndipo ngati malirewo ndi ochepa droni ikhoza kulephera kubwerera molimbana ndi mwera ngakhale zonse zikugwira bwino.

Pali zizindikiro zimene zikaoneka muyenera kusiya kuyesa nokha. Droni ikamakwera yokha mwamphamvu mukangoiyatsa, ikamagwedezeka mwadzidzidzi kunja kuli bata, ikamagwera mbali imodzi mukakweza throttle msanga, kapena mota imodzi ikamatentha kuposa zinzake mutasintha kale pulopela, vuto likhoza kukhala gyro yodwala, ESC kapena mota imene ikuphonya. Sinthanitsani motayo ndi inzake muone ngati vuto likusamuka nayo, koma musaulutse pafupi ndi anthu mpaka chifukwa chake chitadziwika. Pamenepo fayilo ya Blackbox ionedwe ndi munthu wozolowera kuiwerenga. Kuno kwathu anthu otere alipo tsopano: African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe mu 2020 ndipo yaphunzitsa achinyamata kumanga ndi kuulutsa madroni, kutsatira malo oyesera madroni amene boma ndi UNICEF anakhazikitsa ku Kasungu mu 2017. Gulu la Betaflight pa Discord nalonso limathandiza munthu amene wabwera ndi fayilo yake. Ndipo popeza mukujambula ngati ntchito, funsani akuluakulu oona za maulendo a pandege za chilolezo ndi malo oletsedwa musanalandire ntchito ya kasitomala, ndipo muzipempha chilolezo kwa eni malo ndi kwa asodzi amene mukuuluka pafupi ndi madoko awo.

Mukamaliza kuyang'ana felemu, mamota ndi RPM filter, munditumizire fayilo ya diff all, mafayilo awiri a Blackbox, ina ya kuli bata ndi ina ya pa mphepo ndi manambala omwewo, kulemera kwa droni pamodzi ndi batire ndi kamera, ndi mtundu wa mapulopela amene mukugwiritsa ntchito. Ndi zimenezi ndidzatha kukuuzani ngati chotsala ndi kukweza Master Multiplier, kutsitsa I, kapena kuchepetsa katundu.